Sukulu yati mwana aliyense akhale ndi tabuleti, kodi ndisaine?

FUNSO: Ndine mayi wochokera ku Mangochi, ndipo ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, komwe ndimagwira ntchito yapakhomo. Mwana wanga wamkazi ali giredi 8 pasukulu ina ya boma yolipiritsa fizi. Sukuluyo yatilembera kalata yoti kuyambira chaka chamawa mwana aliyense aziphunzirira pa tabuleti yakeyake m'malo mwa mabuku, ndipo makolofe tisaine pepala lovomera kuti tidzalipira ikatayika kapena kusweka. Mwanayu amakwera takisi tsiku ndi tsiku. Kodi ndisaine?
Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, pepalalo lisungeni kaye mpaka mutaonana ndi akuluakulu a sukuluyo, chifukwa nkhawa yanu ya takisi si yopanda pake. Mu Januwale 2015, pamene Panyaza Lesufi anali mkulu wa zamaphunziro m'chigawo cha Gauteng, boma lidayambitsa makalasi opanda mapepala, ndipo mwambo wake udachitikira pa Boitumelong Secondary School ku Tembisa. Sipadatenge nthawi, nkhani ya kubedwa kwa matabuleti idayamba kumveka, ngakhale kuti adali ndi zipangizo zothandiza kuwalondola. Akuba amadziwa kuti mwana wovala yunifolomu ya sukulu yotere wanyamula katundu wa mtengo m'chikwama, ndipo mwana wa giredi 8 wodikira takisi m'mamawa sangalimbane ndi munthu wogwira mpeni. Choncho funso loyamba ndi lakuti, kodi tabuletiyo izigona kusukulu kapena izibwera kunyumba? Ngati izibwera kunyumba, alembe poyera ngati ili ndi inshuwalansi, komanso amene adzalipire mwana akalandidwa panjira inu nkukanena kupolisi. Kutaya chinthu mosasamala ndi kulandidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pepala losasiyanitsa zimenezi ine sindingalisaine.

Lamulo la South African Schools Act la 1996 lili kumbali yanu. Pasukulu ya boma fizi imakhazikitsidwa ndi makolo ambiri mwa amene afika pamsonkhano wokambirana bajeti, umene amaitanitsa a komiti yoyendetsa sukulu yotchedwa School Governing Body, ndipo kholo lopeza zochepa lili ndi ufulu wopempha kuti lichotseredwe fizi yonse kapena gawo lake. Lamulo lomwelo limaletsa kumana mwana maphunziro kapena lipoti chifukwa choti kholo silinalipire. Achimalawi ambiri timaopa misonkhano imeneyi poganiza kuti mlendo salankhula pamudzi pa eni, koma inu mukapitako ngati kholo la mwana wa pasukulupo, ndipo dzanja lanu lidzawerengedwa ngati la wina aliyense.

Kuti tabuleti ndi yothandiza, sindikukana. Mabuku a masamu ndi sayansi a Siyavula amawerengedwa kwaulere pa intaneti, ndipo chikwama chimapepuka. Komabe makina paokha saphunzitsa mwana. Dziko la Sweden, limene lidatsogola pa nkhani imeneyi, mu 2023 lidayamba kubwezeretsa mabuku osindikizidwa m'makalasi a ana aang'ono. Kwathu ku Malawi ndondomeko ya BEFIT idasankha njira ina: ana a sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga Chichewa ndi masamu pa matabuleti amene amasinthana, otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo amatsala pasukulu. Mukhoza kuwatchulira chitsanzo chimenechi pamsonkhano, pakuti ngakhale mwana atakhala ndi tabuleti yakeyake, palibe chokakamiza kuti aziyenda nayo mumsewu.

Mawu amene andidetsa nkhawa kwambiri m'kalatayo ndi akuti "m'malo mwa mabuku". Magetsi a Eskom akathima madzulo, batire nkutha mwana ali pakati pa homuweki, kandulo imathandiza wokhala ndi buku basi. Funsani ngati mabuku a pa tabuletiyo amatseguka popanda data, ngati aphunzitsi adaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake, komanso ngati YouTube ndi TikTok zidzatsekedwa, chifukwa m'chipinda chimodzi cha lendi, inu mutabwera mochedwa kuntchito, simungadziwe ngati mwana woweramira galasi lowala akuwerenga kapena akuonera magule. Pemphani kuti pa masamu ndi Chingerezi ana asiyiridwe mabuku a mapepala, ndipo mayankho onse akupatseni olembedwa, okhala ndi chidindo cha sukulu, musanagwire cholembera.