Galu ndi nkhuku pakhomo limodzi: mayankho kwa alimi

Mafunso a agalu ndi nkhuku amachuluka anthu akangokolola, nthawi imene misoti yambiri yaswa ndipo anapiye ali balalabalala pabwalo. Ena mwa mafunso amene ndalandira ndi awa.

Bambo wina wa ku Mitundu akuti galu wawo wapha anapiye asanu sabata imodzi. Amumenya, amumangirira nkhuku yakufa m'khosi monga amachitira akuluakulu, koma sakusiya. Akufunsa ngati angomupha.

Bambo, musamuphe msanga, ndipo ndodoyo ikani pansi. Galu amagwirizanitsa chilango ndi chimene akuchita nthawi yomweyo basi. Inu mukabwera kuchokera kudimba madzulo, n'kupeza nthenga pabwalo, n'kumukwapula, iye amangodziwa kuti bambo akafika kumakhala zikwapu. Za mwanapiye amene anamudya m'mawa waiwala kalekale. Mapeto ake amaphunzira kusaka inu kulibe. Za nkhuku ya m'khosi nazo sindizivomereza. Fungo la chowola kwa galu si chilango ayi, ndi uja amadzigubuduza dala pa zonunkha. Chimene mumapindula ndi ntchentche, zilonda za pakhosi, komanso ngati nkhukuyo inali ndi matenda ndiye kuti mwamutuma galuyo kuwayendetsa mudzi wonse.

Yambani mwadzifunsa kuti galuyo amadya chiyani. M'makomo ambiri amene ndimayendera, galu amadikira mkute wa nsima ndi madzi otsukira mbale, tsiku lina osapeza kanthu. Galu wotere akaona mwanapiye waona ndiwo. Muphikireni nsima ya gaya kapena ya madeya, muikemo bonya kapena mitu ya usipa, kapenanso ufa wa soya wokazinga, ndipo adye m'mawa nkhuku zisanatsegulidwe. Ngati ndi wamkazi woyamwitsa, chakudya chichuluke kwambiri, chifukwa agalu oyamwitsa ndi amene amamaliza nkhuku zambiri. Matumbo, mitu ndi nthenga za nkhuku imene mwapha musamuponyere zaziwisi. Ambiri timachita zimenezi pa Khirisimasi, kenako Januwale tikudabwa.

Komabe si njala yokha. Pali agalu okhuta bwinobwino amene amangothamangitsa chilichonse chothawa, makamaka amene anazolowera kupita kosaka mbewa ndi akalulu ndi anyamata. Wotereyu amafuna maphunziro. Mumangeni chingwe, mugwire nokha, mumwaze chimanga kuti nkhuku zibwere chapatali pang'ono. Muziyang'ana galuyo, osati nkhuku. Mudzaona makutu akuima, thupi likuuma, maso ali tong'o pa mwanapiye mmodzi, mwendo wakutsogolo utanyamuka pang'ono. Nthawi yake ndi imeneyo, asanadumphe. Nenani mawu amodzi mwamphamvu, "siya!", mukoke chingwe kuti atembenuke, ndipo akangoyang'ana inu mupatseni kachidutswa ka nsomba youma. Chitani zimenezi mphindi zochepa tsiku lililonse, mukumusendeza pafupi pang'onopang'ono. Onse a m'nyumba agwiritse mawu omwewo. Ana asamamutume kugwira nkhuku alendo akabwera, chifukwa tsiku limodzi lotero limafafaniza ntchito ya mwezi.

Ndinene mosabisa: galu wamkulu amene wapha kale kangapo, ngakhale aphunzire bwanji, musamusiye yekha ndi anapiye. Kagalu kakang'ono kamene kakulira pakati pa nkhuku kuyambira miyezi iwiri kapena itatu ndi kamene kamazolowera mosavuta, makamaka kakajompholedwapo ndi thadzi la ana. Wanuyo mulekanitseni. Anapiye ndi mayi wawo akhale m'kampanda kawo kapena pansi pa dengu lalikulu loluka kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, zomwe zimawatetezanso kwa mphamba ndi akhwangwala. Mpandawo, kaya ndi wa waya kaya wa nsungwi, ulowe pansi masentimita 30 ndipo mutsindire miyala kapena zidutswa za njerwa, chifukwa galu akalephera kudumpha amakumba. Galuyo mungamumange masana n'kumumasula nkhuku zikalowa, koma pamthunzi, madzi ali pafupi, chingwe chachitali. Womangidwa usana ndi usiku amalusa.

Mayi wina wa ku Chiradzulu amaweta nkhuku za Mikolongwe ndipo akuti mazira akusowa m'zisa. Akukayikira galu, ndipo anzawo awauza kuti amuike dzira lotentha m'kamwa.

Mayi, dzira lotentha limawotcha lilime ndi m'kamwa, galu n'kulephera kudya masiku angapo. Imeneyo ndi nkhanza. Komanso mwina mukunamizira wosalakwa. Galu nthawi zambiri amanyamula dzira kukadyera kuseri, ndipo mumapeza zikhokhombe zophwanyika kumene amagona. Zikhokhombe zikakhala m'chisa momwemo, udzu uli nyowee ndi zam'kati mwa dzira, yang'anani milomo ya nkhuku zanu, chifukwa nazo zimadya mazira zikasowa laimu m'thupi. Dzira likasowa lonse popanda chizindikiro, ganizirani njoka, kapena mwana amene wapeza njira ya kugolosale. Mankhwala ake ndi amodzi: zisa zikwere m'mwamba, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, m'khola lokhala ndi kakhomo kolowa nkhuku yokha, ndipo muzitola mazira kawiri pa tsiku. Yofungatira imakhala pa mazira masiku 21, choncho musaisiye kuseri kwa nkhokwe kumene galu amadutsa.

Funso lina ndi loti kodi galu angapatsire nkhuku chitopa. Galu sadwala chitopa monga nkhuku, koma amachinyamula. Nkhuku ikafa anthu amaitaya kudzala, galu amaitola, kuikokera kwawo, n'kuikhadzulira pabwalo pamene nkhuku zamoyo zikutolatola. Yakufa ndi matenda muitenthe kapena muikwirire dzenje lakuya, pamwamba muike mwala. Katemera wa chitopa wa I-2, uja wa dontho limodzi m'diso, aperekedwe miyezi inayi iliyonse, ndiye kuti katatu pa chaka, kwa nkhuku zonse ndi anapiye omwe. Chimene amagawana kwenikweni ndi utitiri. Tija timamatirira pa lipombo ndi m'mbali mwa maso a nkhuku mudzatipezanso m'mphepete mwa makutu a galu amene amagona kunsi kwa khola. Pa nkhuku pakani Vaseline, sesani khola ndi kutentha zinyalala zake, ndipo za galu funsani alangizi a ziweto mankhwala oyenera. Musamusambitse ndi mankhwala a thonje kapena a tomato.

Lomaliza ndi lowawa. Mnyamata wina wa ku Lunzu akuti galu wa oyandikana nawo wamuphera nkhuku zitatu, eni ake akukana, ndipo iye waganiza zotchera nyama yothira temeki.

Achimwene, mtima ukuwawa ndi zoona, nkhuku zitatu ndi fizi ya mwana. Koma poizoni sasankha. Nyamayo ingadyedwe ndi galu wanu, mphaka, nkhuku zanu zomwe, ndipo mwana wokwawa angaitole. Mlandu wa nkhuku zitatu usanduka wina umene simungaukwanitse. Sungani nkhuku zophedwazo kapena muzijambule pa foni, itanani mboni ione mabala a mano ndi mapazi, kenako pitani kwa eni galu ndi munthu wamkulu. Akakana, nkhani ipite kwa amfumu, amene milandu ya ziweto amaiweruza kawirikawiri. Onetsetsaninso kuti ndi galudi. Ngati nkhuku zikufera m'khola usiku, zolumidwa pakhosi kapena kudulidwa mutu thupi n'kusiyidwa, kawirikawiri ndi vungo kapena likongwe. Galu amapha poyera, amaigwira pamsana n'kuikutumula, nthenga zili mbwee bwalo lonse.

Pali chinthu chimodzi choti nonse mukhale nacho tcheru. Galu amene wakhala mwamtendere ndi nkhuku zaka zambiri akasintha mwadzidzidzi, n'kuyamba kuluma nkhuku, mbuzi, mitengo ndi chilichonse, dovu lili chuchuchu, kulira kwake kwasintha, musaganize za maphunziro. Chingakhale chiwewe. Nkhuku sizifalitsa chiwewe, koma anthu, mbuzi ndi ng'ombe zimatenga. Musamugwire ndi manja, chotsani ana, mutsekereni ngati n'kotheka popanda kudziika pangozi, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala osadikira kuti aone ngati adwale, chifukwa zizindikiro zikayamba chiwewe sichichizika. Galu aliyense abayidwe katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli bungwe losamalira zinyama la LSPCA, ndipo m'maboma ena funsani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu za tsiku la katemera. Mukapita, funsaninso za kufula galu wamphongo kapena kutseka wamkazi, chifukwa agalu oyendayenda amene akuvutitsa nkhuku za ku Lunzuwa ambiri ndi ana a agalu athu omwe amene tinalephera kuwadyetsa.