Ngati malo a nyukiliya anatsekedwa kale, akuopanso chiyani?

Mayi ena a ku Matawale kuno ku Zomba andilembera imelo. Mwana wawo, yemwe anaphunzira pa Chanco kenako n'kupita ku England, wapeza ntchito ku Sellafield, malo a nyukiliya amene akuphwasulidwa. Iwo akufunsa kuti: "Akundiuza kuti kumeneko anasiya kale kupanga magetsi. Nanga bwanji amavala kachipangizo koyezera poizoni tsiku ndi tsiku? Amene amaonetsetsa kuti mwana wanga ali bwino ndani? Kapena akungondibisira kuti ndisadandaule?"

Mayi, sakukubisirani ayi. N'zoona kuti magetsi anasiya kupanga: siteshoni ya Calder Hall, yomwe ili mkati mwa Sellafield, inatsegulidwa mu 1956 ndipo inazimitsidwa mu 2003. N'zoonanso kuti malowo akadali oopsa. Mukudziwa mmene uvuni wa njerwa umakhalira: nkhuni zatha, utsi wasiya, koma palibe womanga wanzeru amene amapisamo dzanja m'mawa mwake. Ndodo za uranium zikatulutsidwa mu reactor, ng'anjo ya nyukiliya, zimapitiriza kutentha zokha, n'chifukwa chake amaziika m'madamu a madzi kwa zaka. Kutenthako kukachepa, chimatsala ndi cheza chosaoneka ndi maso, chopanda fungo, chimene amati radiation. Mphamvu ya caesium-137, chimodzi mwa zinthu zotulutsa chezachi, imatsika ndi theka pakapita zaka pafupifupi 30. Ya plutonium-239 imatsika ndi theka pakapita zaka 24,000, ndipo ku Sellafield kuli plutonium wokwana matani pafupifupi 140.

Chovuta kwambiri kumeneko ndi zimene anasiya anthu a m'ma 1950 ndi 1960. Nthawi imeneyo Britain inali pa liwiro lopanga mabomba ndi magetsi, ndipo zinyalala ankangoziponya m'madamu ndi m'nkhokwe za konkire osaganizira kuti adzazichotsa bwanji. Mu October 1957 reactor ina pamalowo, yomwe inkatchedwa Windscale, inagwira moto. Lero madamu ena akale ali ndi matope a poizoni pansi pake, konkire yakalamba, ndipo zolemba zosonyeza zimene zinaponyedwamo n'zosakwanira. Ogwira ntchito amatumizamo makina oyendetsera patali kuti afufuze kaye asanakhudze chilichonse. Ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma la Britain inanena mu 2024 kuti ntchito yonse idzafika chaka cha 2125 ndipo idzadya mapaundi pafupifupi 136 biliyoni. Odzamaliza ntchitoyi sanabadwe.

Tsopano funso lanu lenileni: woyang'anira ndani? Malowo ndi a boma kudzera ku bungwe la Nuclear Decommissioning Authority, lomwe linayamba ntchito mu 2005. Koma amene amalamula za chitetezo ndi ena, a Office for Nuclear Regulation, ndipo za madzi ndi mpweya wotuluka pamalowo amaona ndi a Environment Agency. Kampani yoyendetsa malowo ili ndi laisensi yokhala ndi mfundo 36, ndipo laisensiyo siitha chifukwa choti makina azimitsidwa. Asanagwetse nyumba kapena kutsegula nkhokwe, kampani imayenera kulemba mwatsatanetsatane zimene zingalakwike ndi mmene yazitsekera njira. Ma inspekita akapanda kukhutira, ntchito imaima. Ali ndi mphamvu zolowa pamalowo, kulamula kuti zinthu zikonzedwe, ngakhale kukasuma kukhoti. Mu 2024 khoti linalipitsa kampani ya Sellafield chindapusa cha mapaundi 332,500 chifukwa chosateteza bwino makompyuta ake. Ena atamva nkhaniyi anachita mantha. Ine inandilimbitsa mtima pang'ono, chifukwa inasonyeza kuti bungwe la boma likhoza kutengera kukhoti kampani ya boma lomwelo.

Kachipangizo kamene mwana wanu amavala kamatchedwa dosimeter. Kamawerenga radiation yonse imene thupi lake lalandira, ndipo manambalawo amasungidwa m'dzina lake. Malire a wogwira ntchito ndi 20 mSv (mSv ndi muyeso wa radiation imene thupi lalandira) pa chaka, a munthu wamba wokhala pafupi ndi 1 mSv pa chaka kuchokera pamalowo. Kuti muone kukula kwake, tonsefe timalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kumwamba, kaya tili ku Chinamwali kaya ku London. Antchito ambiri m'malo oyang'aniridwa bwino amathera kutali kwambiri ndi malire aja. Mukamayankhulana naye pa WhatsApp, mufunseni nambala yake ya chaka chino. Ali ndi ufulu woidziwa. Mufunsenso ngati amaloledwa kuimitsa ntchito akaona chokayikitsa popanda kuopa bwana. Ndipo musaiwale kumuchenjeza za ngozi wamba, pakuti pophwasula nyumba zakale anthu amavulala kwambiri ndi kugwa kuchokera pamwamba, katundu wolemera, magetsi ndi fumbi la asbestos.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si malo okhala ndi ma inspekita ndi antchito oposa 10,000 ngati amenewo. Ndi malo amene atsekedwa anthu n'kuwaiwala. Malo akamapanga ndalama aliyense amawayang'ana. Akatsekedwa, ndalama zimasiya kulowa, akatswiri odziwa paipi iliyonse amapuma kapena kusamuka, alonda amachepetsedwa, koma poizoni ali pomwepo. Mu 1985 mumzinda wa Goiânia ku Brazil, chipatala china cha khansa chinasamuka n'kusiya makina okhala ndi caesium-137 m'nyumba yopanda mlonda wodalirika. Mu 1987 anyamata awiri otola zitsulo anawatenga n'kukagulitsa. Wogulayo ataona ufa wowala mwa mtundu wa buluu usiku anaitana abale ndi anansi kuti adzaone. Anthu anayi anamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 250 anapezeka ndi poizoniyo ndipo oposa 100,000 anayezedwa. Ndikaona anyamata akukankha wilibala ya zitsulo zakale kupita kwa ogula pa sikelo, nkhani imeneyi imandibwerera. Chitsulo cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda pa chikasu si chogulitsa, si chotsegula. Chisiyeni pomwepo, talikirani, uzani apolisi.

Phunziro lina linachokera ku Japan. Ngozi ya Fukushima ya mu March 2011 isanachitike, bungwe loyang'anira chitetezo linali pansi pa unduna womwewo umene unkalimbikitsa magetsi a nyukiliya. Pambuyo pake anaona kuti zimenezi zinafooketsa oyang'anira, ndipo mu 2012 anakhazikitsa bungwe latsopano loima palokha.

Mwina mukuti izi n'za kunja. Si za kunja kokha, mayi. Ife tilibe reactor, koma tili ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga. Kampani ya Paladin inautsegula mu 2009, n'kuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itagwa. Mu 2020 unagulidwa ndi Lotus Resources, ndipo mu 2025 unayambanso kutulutsa uranium. Mgodi uliwonse umatha. Uranium akachoka, pamatsala zotsalira za miyala yogayidwa, ndipo mbali yaikulu ya radiation ya miyalayo, pafupifupi 85 peresenti, imatsala mmenemo. Muli radium-226, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 1,600, ndipo amatulutsa mpweya wa radon. Madzi a m'derali amatsikira mumtsinje wa Sere, kenako North Rukuru, mpaka m'nyanja ya Malawi. Damu losunga zotsalirazi liyenera kupirira mvula ya zaka mazanamazana, kampani ilipo kapena palibe. Ife a kum'mwera amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu 2023 tikudziwa kuti mvula ya masiku ano siyenderanso mlingo wakale.

Lamulo tili nalo: Atomic Energy Act ya 2011, yomwe inakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Malawi ndi membala wa bungwe la padziko lonse loona za nyukiliya la IAEA kuyambira 2006. Koma boma lathu lili ndi gawo la 15 peresenti mu mgodiwo. Pamenepa m'pofunika kuchenjera, chifukwa amene akudikira phindu ndi yemweyonso amene amapereka bajeti kwa woyang'anira. Sindikunena kuti alipo amene walakwa. Ndikunena kuti inspekita amene alibe galimoto yake, alibe zida zakezake zoyezera, ndipo amadalira manambala opatsidwa ndi kampani, sangathe kutsutsa kanthu ngakhale atakhala wokhulupirika chotani.

Kuno ku Zomba nkhaniyi isatidutse ngati alendo. Likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala lili konkuno, ndipo yunivesite yophunzitsa physics ndi chemistry ili konkuno. Ana athu ngati wanuyo akuphunzira ntchito yosowa kwambiri, ndipo dziko lidzawafuna tsiku lotseka Kayelekera. Chimene ndikupempha aphungu athu n'choti afunse panopa, mgodi ukadali ndi ndalama: ndalama zodzatsekera zasungidwa zingati, zili m'manja mwa ndani, ndipo kampani itagwa kapena kugulitsidwa zingakhudzidwe? Ndani adzayeze madzi zaka 50 mgodi utatsekedwa, ndipo mapu osonyeza pamene zotsalira zakwiriridwa adzasungidwa kuti? Zotsatira za kuyeza madzi a Sere ndi North Rukuru zizitulutsidwa chaka ndi chaka, zizimatidwa pa ofesi ya DC ku Karonga ndi kuwerengedwa pa wailesi m'Chinkhonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti amene amatunga madziwo azimve okha.