Funsani Madamu: Kodi mwayi wa maphunziro kwa aphunzitsi a Chingerezi umangothera m'tauni?

Madamu, ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa CDSS ina m'boma la Ntchisi. Ndinayamba ndi dipuloma ya ku Domasi, kenako ndinadzikoka mpaka kupeza digiri, ndipo chino n'chaka changa cha 7 ndikugwira choko. Ndafunsirapo kawiri thandizo lokachita masitazi kunja, koma maulendo onse awiri sanandiitane ngakhale kokacheza nawo. Mnzanga wa m'stafu akuti ndikungotaya bando, zinthu zimenezi amagawana okhaokha a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndisiye kodi?
Mphunzitsi wolefuka, Ntchisi

Aphunzitsi, musasiye. Koma musatumizenso kalata yomwe ija kachitatu.

Munachita bwino kunditumizira zimene munalemba chaka chatha, ndipo ndaziwerenga kawiri. Chingerezi chanu n'chosalala, palibe pamene ndinakhumudwa. Vuto ndi lakuti kalata imeneyi akanatha kuilemba mphunzitsi aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mwanena kuti mumakonda ntchito yanu, kuti maphunziro ndi chitukuko, kuti mukufuna kuthandiza dziko. Wowerenga amene ali ndi mulu wa makalata patebulo pake wamva kale mawu amenewa kambirimbiri asanafike pa yanu. Chodabwitsa n'chakuti m'kalata imene mwandilembera ine, m'munsi mwenimweni, m'mbali imene sindinaiike pano, mwatchula mongodutsa kuti ana a Fomu 3 mumawauza kuti akafunse agogo awo nthano, ailembe m'Chichewa, kenako aisandutse sewero la Chingerezi, ndipo kuti mtsikana wina amene sankatsegula pakamwa chaka chonse anasewera ngati fisi mpaka kalasi yonse kugwa ndi kuseka. Nkhani imeneyi inali kuti m'kalata yanu yofunsira? Munaisiya poganiza kuti ndi yaing'ono. Komatu ndi yokhayo imene ili yanu.

Za mnzanu wa m'stafuyo, pali pang'ono pamene akulondola. Wa m'tauni amamva msanga, netiweki sim'vuta, ndipo amakhala pafupi ndi munthu amene anapitako kale woti amuwerengere kalata. Inu mumachita kukwera pachulu kuti fomu itseguke. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni ndipo kumandipweteka. Koma osankha aja sakufuna adiresi ya ku Area 47. Akufuna munthu amene angaonetse chimene anasintha ndi zochepa zimene anali nazo, ndiponso amene adzabwerere kudzapitiriza. Pamenepo mphunzitsi wa ana 90 ndi mabuku 12 ali ndi zonena zambiri kuposa wa pasukulu yokhala ndi laibulale.

Tiyeni tione makomo amene mungagogode. Loyamba, limene aphunzitsi ambiri a Chingerezi kuno salidziwa chikhalirecho ndi lawo lenileni, ndi la Hornby. Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's ija, imene pasukulu panu mwina ilipo imodzi yothothoka chikuto, anailemba ndi A. S. Hornby, Mngelezi amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan kwa zaka zambiri. Anaona kuti ana ake akuvutika ndi madikishonale olembedwera eni chinenero, ndiye anakonza yofotokoza mawu m'Chingerezi chosavuta. Itayamba kugulidwa kwambiri, mu 1961 anakhazikitsa thumba la A. S. Hornby Educational Trust, kuti ndalama zibwerere kumayiko kumene mabukuwo ankagulidwa. Thumba limeneli, mogwirizana ndi British Council, lakhala likutumiza aphunzitsi a Chingerezi ochokera kumayiko osauka kukachita masitazi ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi ku Britain. Ubwino wake ndi wakuti simupikisana ndi madokotala kapena mainjiniya. Onse ofunsira ndi aphunzitsi a Chingerezi anzanu, ndipo nkhani ya fisi ija adzaimvetsa.

Chevening, imene munafunsira kawiri ija, ndi ya boma la Britain, inayamba mu 1983. Amalipira masitazi ya chaka chimodzi, amafuna digiri yoyamba ndi zaka zosachepera 2 za ntchito, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu n'kukhalako zaka 2. Kumeneko mukupikisana ndi a ntchito zonse, ndipo iwo amayang'ana kwambiri utsogoleri. Aphunzitsi akamva mawu akuti utsogoleri amaganiza za kukhala hedi kapena mkulu wa dipatimenti. Ayi. Ngati munasonkhanitsa aphunzitsi a Chingerezi a m'kilasita yanu Loweruka lina kuti mukambirane kaphunzitsidwe ka komposishoni, popanda alawansi, anthu n'kubwera, umenewo ndiwo utsogoleri. Ngati simunachitepo, muli ndi miyezi ingapo mafomu asanatsegulidwe cha mu Ogasiti. Chitani, ndipo mulembe tsiku, amene anabwera ndi zimene munagwirizana.

Palinso Beit Trust, imene thandizo lake ndi la anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho bwalo lake ndi locheperako. Ndipo ngati muli ndi banja loti simungalisiye chaka chathunthu, a Commonwealth ali ndi thandizo la masitazi yophunzira muli kwanu kudzera pa intaneti. Ndinene poyera kuti imeneyi ndi yolemetsa kwa munthu wa kumudzi: usiku mukamaliza kuchonga, magetsi kulibe, laputopu yatha moto, asainimenti ikudikira. Ena amaikwanitsa, koma lowani mukudziwa.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi zazing'ono. Bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la IATEFL, limene linayamba mu 1967, limachita msonkhano waukulu ku Britain chaka ndi chaka, ndipo limapereka thandizo kwa aphunzitsi angapo kuti akakhale nawo. Boma la America nalo lakhala ndi pulogalamu ya Fulbright TEA, yotengera aphunzitsi a sekondale kukakhala masabata 6 pa yunivesite ya kumeneko. Imeneyi imalengezedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wawo, ndiye muziyang'ana kumeneko chaka chilichonse. Munthu amene wapambanapo kanthu kakang'ono amaoneka wodalirika akamafunsira chachikulu. Komanso mukakumana ndi anzanu a ku Nepal kapena ku Cameroon amene ali ndi makalasi odzadza ngati anu, mumabwerako mutaphunzira kufotokoza ntchito yanu.

Chomaliza kwa inu: makalata okuikirani umboni. Musapite kwa a hedi kutatsala masiku awiri. Iwo adzalemba kuti ndinu wolimbikira ntchito ndi womvera, n'kudinda chidindo, basi. Apatseni mwezi wathunthu, ndipo muwakumbutse papepala zimene munachita, kuti akhale ndi zolemba.

Amayi, ine ndili m'chaka chachiwiri pa koleji ya aphunzitsi a pulayimale, panopa ndili pa tichingi prakitisi. Chingerezi ndimachikonda kwambiri ndipo a menta anga amati ndili ndi mphatso. Koma zonse zimene ndimamva ndi za anthu a digiri. Kodi ife ophunzira uphunzitsi palibe chathu?
Wophunzira uphunzitsi, Dedza

Mwana wanga, sindikunamizani. Thandizo lalikulu la kunja limafuna digiri ndi zaka za ntchito, choncho panopa silili lanu. Komabe njira yolowera maphunziro apamwamba ilipo: aphunzitsi ambiri a pulayimale akwera kudzera ku Domasi, ku Nalikule, ku Mzuzu University ndi ku Chancellor. Ine ndinadutsa njira yomweyo, mwana kumsana.

Koma chimene chidzakupambanitseni zaka 6 kapena 8 zikubwerazo chikuchitika panopa, m'kalasi imene mwapatsidwayo, ndipo mukapanda kusamala chidzakutayikani monga chinanditayikira ine. Chaka changa choyamba ndinali ndi mnyamata wa Sitandade 5 amene sankatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ndinayamba kutola mapaketi a shuga, a sopo ndi a machesi, n'kumakhala naye pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma, tikuwerenga zolembedwa pamapaketiwo. Pofika teremu yachitatu anali ana 9, ndipo iye ankawerengera anzake. Patapita zaka, fomu ina itandifunsa kuti ndifotokoze chinthu chatsopano chimene ndinayambitsa, ndinalibe tsiku, ndinalibe mamalikisi a ana aja asanayambe ndi atamaliza, ndinalibe chilichonse choonetsa. A hedi a nthawi imeneyo anali atamwalira. Ndinalemba zokumbukira, ndipo zinamveka ngati nthano. Sananditenge.

Ndiye gulani kope lachikuto cholimba, losiyana ndi la masikimu ndi malesoni pulani. Limeneli si la a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulayimale) kapena a lekichara, ndi lanu. Lachisanu lililonse lembanimo mizere ingapo: ndinayesa chiyani, ana anali angati, chinayenda n'chiyani, chinakanika n'chiyani. Zokanika muzilembanso, chifukwa ofunsa mafunso amakonda kumva pamene munagwa ndi mmene munadzukira. Mukayesa ana kuwerenga kumayambiriro kwa teremu, ayeseninso kumapeto, musunge manambala onse awiri. Mayina a ana musawaike pa Facebook, ndipo zithunzi zawo musajambule popanda chilolezo cha makolo ndi a hedi.

Ndipo musadzione wochepa chifukwa muli ku pulayimale. Mukudziwa kuti mwana akalephera Chingerezi pa MSCE sapatsidwa satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Kulephera kumeneko sikuyambira Fomu 4. Kumayambira kwa inu, m'makalasi amene mwana wobadwira m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka akuyembekezeredwa kumva phunziro lonse m'chinenero chimene kunyumba sachimva ngakhale pa wailesi. Mphunzitsi amene wapeza njira yowolotsera ana pamenepo, osawachititsa manyazi ndi chinenero chawo, wagwira mbali yovuta kwambiri ya ntchito yonseyi. Ndimalakalaka makoleji athu ndi mabungwe a aphunzitsi akanamapereka mphoto yapadera kwa ophunzira uphunzitsi ochita zimenezi, ngakhale itakhala dikishonale ndi satifiketi chabe pa 5 Okotobala, tsiku la aphunzitsi padziko lonse. Mtengo wake ndi wochepa, koma mwana wa zaka 22 amene waitanidwa kutsogolo anzake akuona sasiya ntchito msanga.

Madamu, pa gulu lathu la WhatsApp pabwera uthenga woti ndasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya mphunzitsi wopambana padziko lonse, ya 1 miliyoni ya madola. Akuti nditumize K35,000 ya kalembera pafoni lisanafike Lachisanu. Kodi mphoto imeneyi ilipodi?
Bambo wa ku Balaka

Bambo, ndalamayo musatumize, ndipo achenjezeni anzanu pagulupo lero lomwe. Mphotoyo ilipodi, n'chifukwa chake akuba amaikonda. Dzina lake ndi Global Teacher Prize, ya bungwe la Varkey Foundation, ndipo kufunsira kwake ndi kwaulere. Chevening, Commonwealth, Hornby, Fulbright, onsewa salipiritsa kuti mulembe fomu. Ndalama imene mungawononge moyenera ndi ya pasipoti, ya mayeso a Chingerezi monga IELTS ngati yunivesite ikuwafuna, ndi ya bando. Aliyense wokupatsani nambala ya foni ya munthu kuti mutumizeko ndalama ndi wakuba.

Poti mwaifunsa, mphotoyi ili ndi mbiri yotikhudza ife a Chingerezi. Woyamba kuilandira mu 2015 anali mphunzitsi wa Chingerezi, Nancie Atwell wa ku Maine ku America, wodziwika ndi kulola ana kusankha okha mabuku owerenga ndi nkhani zolemba. Ndalama zonse anazipereka kusukulu imene anayambitsa. Mu 2021 inapitanso kwa wa Chingerezi, Keishia Thorpe, wobadwira ku Jamaica, amene ankaphunzitsa ana a anthu obwera ndi othawa kwawo ku Maryland ndi kuwathandiza kupeza thandizo lopitira ku koleji. Ndipo mu 2019 inabwera kuno ku Africa, kwa Peter Tabichi wa ku Kenya, m'bale wa chipani cha Afransisko wophunzitsa masamu ndi sayansi pa sekondale yoyendera ya Keriko m'mudzi wa Pwani ku Nakuru, sukulu ya ana osauka yosasiyana kwenikweni ndi ma CDSS athu. Mphunzitsi wa ku Ntchisi uja amuuze mnzake wa m'stafu za bamboyu.

Ngati inuyo mukufuna kuyesa, pitani pa tsamba lenileni la bungwelo mudzilembere nokha, kapena a hedi ndi makolo akutchuleni. Uthenga wa pa WhatsApp uja muujambule musanaufufute, mukauonetse kupolisi pamodzi ndi nambala imene anakupatsaniyo.