Kuphiri mukukatengako chiyani?

Makalata ambiri omwe mumanditumizira ndimayankha mizere iwiri n'kusiya, koma iyi yandikhudza pachilonda. Yachokera kwa achemwali ena a ku Chilomoni. Akuti akufuna kuyamba kukwera mapiri Loweruka, koma amayi awo akuwafunsa kuti, "Kuphiri mukukatengako chiyani? Nkhuni?" Anzawo a kuntchito nawo akuwaseka kuti ayamba zachizungu. Ndiye akufunsa kuti ayambire pati, atenge chiyani.

Achemwali, funso la amayi anulo malemu bambo anga anandifunsanso, mawu ake omwewo, tsiku lomwe anandiona ndikumanga zingwe za nsapato mamawa kusanayere. Ndinalibe yankho. Ndinangoti "kukawongola miyendo," iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, amvekere munthu wakhuta amayamba misala.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ife tinakulira ku Ndirande, phiri lili kuseri kwa nyumba. Ndili mwana, amayi anga ankalikwera kawiri pa sabata, opanda nsapato, chitenje atamanga m'chiuno, n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni wautali kuposa iwo eni, utakhazikika pa nkhata. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi kamtolo kanga, makutu ali tcheru kuopa alonda a nkhalango. Phiri limeneli ndi lalitali mamita opitirira 1,600. Palibe ankati amayi anga akuchita zachizungu. Koma ine ndikakwera phiri lomwelo chimanjamanja, ndi botolo la madzi basi, ndiye ndasanduka mzungu? Ayi ndithu. Miyendo yathu imawadziwa mapiri amenewa kuyambira kale. Chomwe sitinazolowere n'kukwera popanda kutumidwa ndi njala, n'kukhala pamwala pamwamba kumangoyang'ana. Timachita ngati kuyang'ana chabe ndi tchimo.

Ulendo wanga woyamba wa ku phiri la Michiru ndinachita manyazi okhaokha. Unali mwezi wa June, udzu utayamba kuuma. Ndinapita ndi msuweni wanga, tonse titavala makabudula ngati tikukamenya mpira. Titafika pena njira inakhota kwambiri, ine ndi nzeru zanga ndinati tidule. Tinalowa m'tchire. Sipanathe mphindi zisanu, msuweni wanga anayamba kudzimenya m'miyendo, kenako m'khosi, kenako ndinamva moto m'mikono mwangamu. Chitedze! Tinali titagwedeza chingwe chake, tiubweya tofiirira tija n'kutiwaza thupi lonse. Amene chitedze sichinamukhudzepo sangamvetse. Ukakanda chimawonjeza, ukatuluka thukuta chimalowerera. Anthu akuluakulu awiri, wina wa ndevu zake, tinavula malaya pakati pa phiri n'kumadzikhula ndi dothi louma, anyani ali pamwala akutiyang'ana ngati akudziwa nkhani yonse. Pamwamba tinafikabe, maso ali psuu. Ndipo pomwepo ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo ngakhale ndinabadwira mu mzinda uno: ndege ikutera ku Chileka ili pansi pa mapazi anga, kutali uko chigwa cha Shire chili mbuu, kuseri kuno Ndirande, Soche ndi Mpingwe atazungulira Blantyre ngati mafuwa. Kuyabwa ndinakuiwala kwa kanthawi. Kwa kanthawi chabe, chifukwa usiku wonse sindinagone.

Pano ndikakwera Michiru mtima umandipweteka. Malo omwe tinkadutsa mumthunzi lero ndi zitsa ndi maenje akuda a uvuni wa makala. Ndirande anametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990 ine ndikuona, ndipo Michiru akulowera komweko. Ndisanayambe kuloza chala anthu ootcha makala, ndivomere: kukhitchini kwanga kuli thumba la makala pompano, ndipo magetsi akazima ndimakoleza mbaula osafunsa kuti mtengo wake unachokera phiri liti. Tonse tili momwemo. Koma ndikunenetsa, ndipo ena mukwiya, kuti anthu a mu Blantyre mapiri athu tinawataya tokha tsiku lomwe tinasiya kuwapondako. Tinawasiyira wa nkhwangwa ndi wopita kukasala kudya usiku. Enafe timawaonera pawindo la minibasi. Mtengo womwe sunakhalepo pamthunzi pake ukagwa sumva kanthu.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali m'kati. Akuluakulu anati ndi Napolo wadutsa, monga anachitira ku Phalombe mu 1991. Sindikutsutsana ndi akuluakulu, ndipo mvula imene ija inali yoopsa moti ngakhale malo a mitengo anagumuka. Koma kwerani Soche lero mukaone zipsera za m'mbali mwake, mukaone pomwe nyumba zafika, pomwe minda ya chimanga yakwera, mukabwere mudzandiuze ngati tilibe mbali yathu pa mlanduwu.

Ndiye pali ena a m'badwo uno omwe ayamba kukwera, zomwe ndi zabwino, koma amanyamula sipika yaikulu ngati akupita ku chinkhoswe. Pamwamba pa phiri, amapiano! Akamatsika mabotolo a pulasitiki ndi mapepala a bisiketi ali mbwee m'njira. Ngati simungathe kukhala maola atatu opanda nyimbo, khalani kunyumba, tisiyeni timve mbalame.

Za Mulanje, popeza ndikudziwa kuti ndiko mtima wanu uli

Aliyense woyamba amafuna Sapitwa. Mamita 3,002, nsonga yaitali kuposa zonse m'dziko muno, chithunzi chake n'chokoma pa Facebook. Agogo anga aakazi, Alhomwe a ku Phalombe, akanamva kuti mdzukulu wawo wapondako akanagwira pakamwa. Ankatiuza kuti m'phiri muja muli mizimu, ndipo ukapeza chakudya chokonzedwa kale pamwala, nthochi kapena nsima yotentha, udye wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, apo ayi subwerera. Ine nsima sindinaipezepo, ngakhale tsiku lina njala itandipana pafupi ndi kanyumba kogonamo okwera phiri ka Chisepo ndinaiyang'anayang'ana ndithu. Koma chomwe agogo ankachitcha mizimu ndinakumana nacho m'maonekedwe a chifunga. Chiperoni chikabwera, m'kanthawi kochepa dzanja lako lomwe suliona, miyala imaterera, kuzizira kumalowa m'mafupa. Anthu asowapo pa Sapitwa, makamaka okwera okha. Wotiperekeza wathu tsiku limenelo anangoti, "Bwana, lero phiri lakana," ndipo tinabwerera nsonga ili pafupi. Ndinanyinyirika njira yonse. Iye sanandiyankhe, anangondipatsa tiyi titafika pakanyumba, moto wa nkhuni ukuthetheka.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chachikulu chomwe anayang'ana ndi chikhalidwe ndi zikhulupiriro zomwe zija agogo ankatiuza ife n'kumaseka. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, watsala pang'ono kutheratu ndi macheka. Fungo lake ambiri timalidziwira pa timabokosi tosema togulitsa m'mbali mwa msewu, osati pa mtengo wamoyo.

Ndatalikitsa, pepani. Inu achemwali muli ku Chilomoni, Michiru ali pakhomo panu, ndipo Njira ya Mtanda yomwe Akatolika amakwera imayambira kwanu komweko. Yambani ndi imeneyo, kawiri katatu, kenako Soche kapena Ndirande. Musapite nokha, khalani anthu anayi kapena kuposa, chifukwa achifwamba aliko, ndipo foni isamangokhala m'manja. Nyamukani 6 koloko m'mawa kuti dzuwa likamakula mukhale mukutsika. Madzi malita awiri, nthochi, mtedza, chipewa, buluku lalitali, ndi nsapato za pakaunjika zokhala ndi mapazi okhakhala, zatsopano zimatupitsa matuza. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, nthawi ya mvula siyani. Miyendo ikalimba kwerani minibasi ku Limbe mpaka pa Chitakale, mupite ku Likhubula, mutenge woperekeza mukafike pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerako tsiku lomwelo. M'madzimo musadumphiremo mwachisawawa, ndi ozizira komanso akuya.

Amayiwo atengeni tsiku lina pa Njira ya Mtanda, muwauze kuti mukukapemphera. Sakana. Ndipo mukaona chingwe chokhala ndi makoko aubweya wofiirira m'mbali mwa njira, musachikhudze ngakhale ndi ndodo.