Ku Mwabvi pa Khirisimasi, ndi Sienta?

Achimwene, Sienta yanuyo isiyeni pakhomo. Nditangoona kuti mukufuna kukagona ku Mwabvi pa Khirisimasi ndi ana, thupi lachita tsembwe, ndasiya ndi nsima yomwe.

Ife tinapitako kumapeto kwa Novembala 2022, chaka chomwe namondwe Ana anatiphwasulira misewu chija. Mafuta akusowa, tinakhala tsiku lathunthu pamzere ku Nchalo kusaka dizilo wa pikapu ya hayala. Tinalipo ine, mayi akunyumba, mwana wathu wa zaka 7, dalaivala, ndi alamu anga. Sindiwatchula dzina, ali m'gulu lomwe lino, adziwerengera okha. Iwowa ndi amene anatinyengerera, ati ku Mwabvi amakudziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo. Tinadzamva pambuyo kuti anapitako kamodzi kokha, ali Fomu 2, pa lole ya sukulu.

Musaganize kuti kuli ngati ku Majete. Ku Majete kuja a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks analowako 2003, kuli mpanda, misewu yosamalidwa, malo odyera. Ngakhale ku Lengwe umadziwa kuti Nchalo ili pafupi. Mwabvi ndi kankhalango kakang'ono kosungira nyama, masikweya kilomita 135 okha, koma ukangopatuka pa tala kufupi ndi Bangula waiwalika. Golosale kulibe, netiweki timachita kuisaka pamwamba pa miyala, madzi ndi omwe wanyamula. Alamu anati zigubu ziwiri zikwana. Kutentha kwa Novembala kuno kuchigwa mukukudziwa nonse. Pofika 1 koloko chigubu chachiwiri chinali pakati, madzi ake ngati oti uviikemo masamba a tiyi.

Kukongola kokha sindinama, nkokongola. Mitengo ya tsanya inali itangophuka, milambe ikuluikulu, ndiye pali pomwe mtsinje wa Mwabvi unadula thanthwe nkupanga mpata wakuya, ukaima pansi pake kuli zii, kozizirira, mawu ako akubwerera. Tinaona nswala, anyani ambirimbiri, ngoma imodzi ikuthawa, ndi mapazi a njati pamatope. Mwana amafunsa za chipembere. A gemu amene anatiperekeza anamuuza kuti kuno nkomwe zipembere zinatsalira nthawi yaitali, mpaka opha nyama mozembera anazimaliza. A gemuwo ndilibe nawo mlandu. Cha m'ma 3 koloko analoza kumadzulo, kumapiri a kumalire ndi Mozambique, mtambo uli bii, nkutiuza kuti bambo, ngati simugona nyamukani pompano, mitsinje ya kuno siyembekeza mvula igwe pamutu panu. Alamu anaseka. Ati mtambo umenewo ndi wa ku Mozambique, ulibe pasipoti. Anafuna ajambulitse kaye pathanthwe lina, anakwera, anatsika atakhudza chitedze, tinataya ola lina akudzikanda ndi kudzipaka mchenga.

Tinatuluka pageti dzuwa litafiira. Tisanafike pa tala pali kamtsinje kouma, mchenga wokhawokha, m'mawa tinadutsa osakazindikira nkomwe. Dalaivala m'malo motsata mikwasa ya ngolo anati adulire pambali. Pakati penipeni galimoto inangoti tibu. Anaponda moto, matayala akumbuyo akungozungulira, akudzikumbira okha manda, fungo la kilatchi lili guu. Fosholo analibe. Chingwe analibe. Jeke tikaimika imalowa mumchenga ngati chala mu phala. Munthu wotenga ndalama za hayala kupita kutchire wopanda ngakhale khasu! Tinakumba ndi manja, ine ndi chivundikiro cha poto, mayi akuthyola nthambi zoyala pansi pa matayala.

Kamnyamata kena kobusa kanatiyang'ana kanthawi nkuthamanga kukaitana bambo ake. Anabwera madala ena ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, goli ndi tcheni, natchula mtengo wawo. Sunali mtengo woti munthu nkukomoka nawo, ndalama ya nkhuku ziwiri basi. Apa mpamene ndimapsera mtima mpaka lero. Alamu ndi dalaivala anagwirizana kuti anthu akumudzi akufuna kutidyera, tizitulutsa tokha. Anayamba kunenerera ngati akugula mbuzi pamsika wa Ngabu. Madala aja sanakangane nawo, anangokhala pagombe, ng'ombe zawo zili chiimire, akuyang'ana kumtunda kwa mtsinje. Ine chitsiru ndinakhala chete poopa kunyoza alamu pamaso pa mlongo wawo.

Mdima unagwa. Pamene tinalipo sipanagwe ngakhale dontho, nyenyezi zikuoneka, kumadzulo kokha kukung'anima. Kenako ndinamva phokoso ngati lole ya nzimbe ikubwera patali. Madala aja anaimirira nkukuwa kuti chotsani mwana! Ndinawalitsa tochi ya foni kumtunda. Choyamba kubwera si madzi ayi, ndi zinyalala, mapesi, timitengo, thovu, zikukwawa pamchenga ngati chinthu chamoyo, madzi ofiira ali pambuyo pake. Anandigwira m'mapazi, ozizira. Ndisanatsegule chitseko anali m'akakolo. Mwana anali mtulo pampando wakumbuyo, thukuta lili kamukamu, chitseko cha mbali yakeyo chokanika chifukwa galimoto inapendekeka. Ndinamukokera pawindo, mutu unagunda pachitsulo, analira kulira komwe sindinakumvepo. Pomwe ndimafika naye pagombe madzi anali m'mawondo, akukoka miyendo, mchenga ukuthawa pansi pa phazi. Mayi anagwa kawiri, chitenje chinapita, patapata zinapita. Ndikuyang'ana alamu kuti agwire mlongo wawo dzanja, ndinawaona ali kale pamtunda, atakumbatira kula bokosi. Kula bokosi, abale. Ya mowa.

Amene analowa m'madzi ndi madala aja ndi ana awo awiri. Anamanga tcheni mogwiragwira mumdima, mnyamata mmodzi atamira mpaka m'khosi pansi pa bampala, nkuyamba kukuwira ng'ombe mayina. Kukoka koyamba tcheni inaphonyoka. Kachiwiri galimoto inasuntha pang'ono, madzi akulowa kale m'kati. Kachitatu inatuluka, ikukhavukira madzi m'zitseko. Sipanathe mphindi zambiri pamene inali paja panadutsa chigogo chachikulu chikugubuduzika.

Injini inakana kulira. Tinagona pamkeka pakhonde la madala omwe timawanenerera aja, udzudzu ukuchita nafe phwando, akazi awo anatiphikira nsima ya mapira usiku womwewo nkubwereka mayi chitenje. M'mawa ndinawapatsa zonse zinali m'thumba, anawerenga nkundibwezera zapamwamba, ati tinapangana kale mtengo. Manyazi ake! Ndiye dalaivala, mmalo mopepesa, anandilipiritsa tsiku lachiwiri la hayala ndi theka la ndalama ya makaniko wochokera ku Bangula, ati ndife tinamuchedwetsa. Alamu anati alibe kanthu m'thumba. Mpaka lero akakhala pa mowa amakamba kuti ndi iwo anatipulumutsa. Dzina la nkhalangoyo, mwabvi, likanakhala lochita kumwetsa anthu ngati kale, ndikanawapatsa chikho tione ngati akanasanza.

Ndiye achimwene, Disembala musayerekeze. Makande akanyowa ngakhale galimoto yamphamvu imavina, ndipo chidutsireni namondwe Freddy mu 2023 timitsinje tambiri kuno tinasintha njira. Dikirani Juni kapena Julayi, kozizira, udzu utayamba kuuma. Ngakhale kunena zoona nthawi yomwe tinapita ifeyo ndi yomwe tchire limakongola, tsanya ali wobiriwira, fungo la dothi lonyowa, moti mvula ikachedwa chaka chino mukhoza kuyesa, bola mulowe m'mawa ndipo 2 koloko ikupezeni muli pa tala. Pezani galimoto yokoka matayala onse, muone ndi maso anu fosholo, chingwe ndi sipeya ya mpweya musanapereke ndalama. Madzi chigubu cha malita 20 pa anthu awiri alionse, osamvera za munthu. Ana asiyeni kwa agogo awo. Komabe wathuyu mpaka pano nkhani yake ndi ya mapazi a njati, kusukulu anajambula ngoma, ndiye kaya, mwina atengeni. Musadalire munthu woti amakudziwa, funsani a gemu pageti ndipo akati nyamukani, nyamukani. Wa ng'ombe akatchula mtengo perekani pompo.

Mukatsimikiza za Julayi mundiuze ku inbox, mpata uja sindinaufike kumapeto kwake. Alamu asamve.