Achemwali, "run" si kuthamanga kokha ayi

Mwafunsa kuti abwana anu ku Johannesburg anakuuzani kuti "can you run the shop on Saturday?", kenako tsiku lomwelo n'kunenanso kuti "we have run out of sugar", ndiye mutu waima chifukwa kusukulu anatiphunzitsa kuti "run" ndi kuthamanga basi. Musadzikayikire. Liwu limeneli limatopetsa ngakhale eni chilankhulo. Akatswiri olemba dikishonale yaikulu ya Oxford atalikonzanso mu 2011 anawerenga matanthauzo 645 a mneni mmodzi yekhayu. Kale lomwe linkatsogola linali "set", lomwe m'dikishonale ya 1989 linali ndi matanthauzo 430.

Ine chimene chinandimasula n'chakuti ndinasiya kulimva ngati kuthamanga, ndinayamba kulimva ngati kuyenda kwathu kuja. Taganizani mmene timalankhulira. Timati bizinesi ikuyenda bwino, mabasi sakuyenda lero, mtsinje ukuyenda, wotchi ikuyenda. Monsemu mulibe chamiyendo, koma tonse timamvana. M'malo amenewa Mngelezi amaikamo "run". Ndiye "run the shop" ndi kuyendetsa shopu: kutsegula, kugulitsa, kusunga ndalama, kutseka. Amene amayendetsa sukulu, kampani kapena dziko, nayenso amati "runs". Injini ikamalira amati "the engine is running", madzi akamatuluka pampopi "the tap is running", chitenje chikamatuluka utoto pochapa amati "the colour runs".

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pa timawu ting'onoting'ono totsatira pambuyo pake, chifukwa timatembenuza tanthauzo lonse. "Run out of" ndi kutherwa. Abwana aja amanena kuti shuga watha, ndipo mudzamva chimodzimodzi pa mafuta, pa mayunitsi a foni, ngakhale pa nthawi. "Run into" ndi kukumana ndi munthu mosayembekezera, monga mnzanu wakumudzi mutamupeza pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima ku Johannesburg. "Run over" ndi kuponda munthu kapena chinthu ndi galimoto. "Run away" ndi kuthawa. "Run for president" ndi kupikisana nawo pa mpando wa pulezidenti. Timawuti muziloweza pamodzi ndi "run" ngati liwu limodzi, osamagawa.

Za kuchipatala ndikufuna muzigwire bwino, poti apa kusamvana kumapweteketsa. Namwino akafunsa ngati mwana ali "running a temperature", akufunsa ngati thupi latentha. "Runny nose" ndi mamina ochucha a chimfine. Kwathu kuno komanso ku South Africa ambiri timati "running stomach" ponena kutsegula m'mimba ndipo amatimva, koma abale athu okhala ku Britain ndi bwino anene kuti "diarrhoea" kuti adokotala amve msanga.

Tsono pa nkhani ya Loweruka ija, abwana akukusiyirani shopu yonse m'manja mwanu, kusonyeza kuti amakukhulupirirani. Musanavomere afunseni kuti makiyi mukatenga kwa ndani, ndalama za tsikulo mukasiya pati, komanso ngati tsikulo adzakulipirani mwapadera, chifukwa kuyendetsa shopu ndi udindo woposa kuima pakauntala.