Kabuku ndi ka gulu, koma fayilo igwire munthu mmodzi

Imelo yomwe ndinalandira sabata yatha yandikumbutsa chilonda chomwe ndinkayesa kuti chinapola kalekale. Wolemba wake akuchita kosi ya zosindikiza. Aphunzitsi awaika m'magulu, gulu lawo muli anthu 8, ndipo akuyenera kupanga kabuku kamodzi n'kukasindikiza pasanathe masabata atatu. Aliyense wakonza kale masamba ake pa kompyuta yake, ndi zilembo zake, mitundu yake. Funso lake ndi lalifupi: "Tigwirizana bwanji za maonekedwe a kabukuka popanda kudana?"

Mnzanga, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndaulula machimo anga.

Ife pa gulu lathu tinalipo 6. Kabuku kathu kanali ka A5, komwe ndi theka la pepala la A4, kopinda pakati n'kumanga ndi mawaya awiri pamsana. Pa msonkhano woyamba tinachita zomwe tinkaona ngati chilungamo chenicheni: aliyense masamba atatu, palibe woposa mnzake. Masamba 18. Tinatuluka m'chipindamo tikumwetulirana, wina mpaka ananena kuti mutu umodzi susenza denga, tonse n'kuvomera. Kwa masabata awiri aliyense anali pa kompyuta yake, ndipo palibe ngakhale mmodzi yemwe anaganiza zopita kuchipinda cha makina kukafunsa kanthu. Tinkaona ngati kusindikiza ndi kudina batani kumapeto.

Tsiku lomwe tinapita ndi fayilo yathu, bambo oyang'anira makina sanayatse n'komwe kompyuta. Anangofunsa kuti masamba ndi angati. Titayankha kuti 18, anatola pepala limodzi la A4 pa mulu wa zotaya, analipinda pakati, n'kundipatsa ine. "Werengani masamba ali apo." Ndinawerenga: kutsogolo, mkati muwiri, kumbuyo. Anayi. "Ndiye 18 yanuyo mupinda mapepala angati?" Tinangoti kukamwa yasa. Pepala lililonse lopindidwa limabereka masamba anayi, ndipo kabuku komanga ndi mawaya kamayenda 8, 12, 16, 20, 24. Theka la pepala lilibe pogwira waya. Tinali ndi njira ziwiri, kuchotsa masamba awiri kapena kuwonjezera awiri, ndipo poti palibe yemwe akanalola kuti tsamba lake lichoke, tinawonjezera masamba awiri a mizere yopanda kanthu n'kulemba pamwamba pake kuti "Zolemba zanu". Mpaka lero ndikaona kabuku kokhala ndi masamba otere kumapeto, ndimadziwa kuti wina sanawerenge bwino.

Bambo aja anationetsanso china chomwe sindinachiiwale. Anapinda mapepala anayi pamodzi, analemba manambala ndi cholembera kuyambira 1 mpaka 16, kenako anawamasula n'kuwayala patebulo. Tsamba 1 linali pafupi ndi 16. Kuseri kwake 2 ndi 15. Pepala lotsatira 14 ndi 3. Mukaphatikiza masamba awiri oyandikana, yankho nthawi zonse ndi 17. Okhawo omwe amakhaladi limodzi monga momwe wowerenga amawaonera ndi a pakati penipeni, 8 ndi 9. Kusanja kumeneku amakutcha imposition, ndipo masiku ano kompyuta ya wosindikiza imachita yokha, koma tanthauzo lake kwa inu ndi ili: chithunzi chomwe mwachitambasula kudutsa pa masamba 4 ndi 5 chimasindikizidwa pa mapepala awiri osiyana, ndipo kupinda kukaphonya ndi milimita imodzi yokha, nkhope ya munthu imathyoka pamphuno. Mnzathu wina anali atachita zimenezo ndendende.

Pano ndikhoza kumaoneka ngati ndine ndinali wanzeru pagulupo. Ayi ndithu. Masamba anga ndiwo anatuluka oipa kuposa onse.

Ndinkafuna tsamba lakuda bii, zilembo zoyera zopyapyala pamwamba pake, ndi chithunzi chofika m'mphepete mwenimweni mwa pepala. Pa sikirini zinkaoneka ngati za m'magazini odula. Koma chithunzicho ndinachilekezera pa mzere weniweni wa tsamba, osadziwa kuti mpeni wodulira mapepala sudula malo amodzimodzi nthawi zonse. Umadula mulu wonse nthawi imodzi, ndipo umasuntha pang'ono. N'chifukwa chake chilichonse chofika m'mphepete chimayenera kupitirira ndi mamilimita atatu kunja kwa tsamba, chomwe amachitcha bleed, kuti mpeni udule mkati mwa inki. Ine ndinalibe. Makope ena anatuluka bwino, ena anali ndi kamzere koyera kumanja, kopyapyala ngati ulusi, koma pa tsamba lakuda kamaoneka munthu ali patali. Zilembo zoyera zija nazo zinachita mthunzi wofiirira mbali imodzi, chifukwa kuda kwangako sikunali inki yakuda yokha. Kunali kosakaniza mitundu yonse inayi, ndipo mtundu umodzi ukangotsetsereka pang'ono, umalowerera m'kachilembo kopyapyala n'kukatseka.

Za mitunduzi ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe magulu ambiri amakangana pachabe. Sikirini imapanga mtundu ndi kuwala, pophatikiza kufiira, kubiriwira ndi buluu, RGB. Pepala silitulutsa kuwala. Limalandira inki zinayi, cyan (yabuluu wotuwa), magenta (yofiira yopendekera ku pepo), yachikasu ndi yakuda, CMYK, ndipo pali mitundu yowala yomwe sikirini imatha kuonetsa koma inki zinayizi sizingaifikire. Buluu wowala uja amakonda kutuluka wozilala, wopendekera ku pepo. Wobiriwira wonyezimira amafa. Ife tinatha madzulo athunthu tikuvota pakati pa mabuluu awiri a pachikuto, wina mpaka anakwiya n'kutuluka, ndipo pa pepala onse awiri akanatuluka pafupifupi ofanana. Ndiponso sikirini ya aliyense inkaonetsa zakezake, kotero kuti sitinkakangana n'komwe pa chinthu chimodzi.

Ndiye mukandifunsa kuti mugwirizana bwanji, poyamba ndinkafuna kukulemberani mawu ofewa, akuti muzimverana, aliyense apatsidwe mpata. Ndalemba ndime imeneyo kawiri n'kuifufuta. Sindikhulupirira zimenezo. Maonekedwe a kabuku savotera. Anthu 8 akavota pa mtundu wa zilembo, chomwe chimapambana ndi chija chosakhumudwitsa aliyense, kapena choipirapo, mumagwirizana kuti aliyense asunge zake. Pamenepo mumatuluka ndi timabuku 8 tomangidwa ndi waya umodzi. Kathu kanali ndi mitundu ya zilembo yoposa khumi, nambala ya tsamba pena pamwamba pena pansi, pena palibe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndipo sindikuvomereza zoti kugawana masamba mofanana ndiye chilungamo. Ndi ulesi wovala jekete. Kumapulumutsa gulu ku nkhani yovuta, yoti ndani amatha chiyani. M'nyumba yosindikiza mabuku yeniyeni simudzapeza wolemba aliyense akudziyalira tsamba lake. Pali mkonzi, pali wosanja masamba, pali woona zithunzi, pali wowerenga zolakwika, pali wolankhula ndi osindikiza. Kale ntchitozi zinali m'manja mwa amisiri osiyanasiyana chifukwa zida zake zinali zosiyana. Zinayamba kusonkhana pa desiki imodzi pomwe kampani ya Aldus inatulutsa pulogalamu yosanjira masamba ya PageMaker mu 1985, kenako QuarkXPress mu 1987, ndi InDesign ya Adobe mu 1999. Zimenezi zinatsegulira anthu ambiri khomo, ine ndemwe ndine mmodzi mwa iwo, ndipo sindikudandaula. Koma zinatipatsanso bodza lakuti poti pulogalamu ili pa kompyuta ya aliyense, ndiye kuti aliyense agwire chiwongolero. Kosi yanuyo dzina lake ndi ya zosindikiza. Chomwe aphunzitsi akufuna kuona si luso la munthu mmodzimmodzi pa tsamba lake, koma ngati anthu 8 angatulutse chinthu chimodzi chomwe makina angachilandire.

Ndikudziwa chomwe mukuopa. Mukuopa kuti wogwira fayiloyo adzatenga ulemu wonse, kapena adzakhala bwana. Kunena zoona ntchito imeneyo ndi yowawa kuposa zonse, ndipo amene amailakalaka kwambiri nthawi zambiri si woyenera kupatsidwa. Mupatse uja wotopetsa, yemwe amatchula mafayilo ake mayina omveka, yemwe amafunsa funso limodzi kawiri.

Za zithunzi, poti ndakumbuka

Mnzathu yemwe anali ndi zithunzi zabwino kuposa tonse anazitumiza pa WhatsApp. Pa foni zinkaoneka zakuthwa. Koma WhatsApp imafinya chithunzi ukachitumiza mwa nthawi zonse, ndipo chomwe chinafika kwa ife chinali kachidutswa ka chija anajambula. Posindikiza pamafunika madontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse, pa kukula komwe chithunzicho chidzatulukire pa pepala. Tsamba la A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndiye chithunzi chodzaza tsamba lonse chimafuna mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 1750 m'lifupi ndi 2480 m'litali, ndi ena owonjezera a bleed. Chikachepa kwambiri, mukhoza kuchikoka m'makona mpaka chidzaze tsamba, koma tsitsi la munthu limasanduka phala ndipo m'mphepete mwa zinthu mumachita timasitepe. Kulemba 300 m'kabokosi ka pulogalamu sikubweza zomwe zinatayika. Funsani mwini wake fayilo yoyambirira, ya mu kamera kapena mu foni, ayitumize ngati document kapena pa flash.

Pepala nalo lili ndi khalidwe lake, ndipo ichi ndinachiphunzira mochedwa kwambiri. Ulusi wake umagona mbali imodzi. Mukalipinda motsatira ulusiwo limamvera, mukalipinda mopingasa limachita makwinya, ndipo ngati ndi lolimba ngati la chikuto, la 250 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) kapena kuposa, inki imang'aluka pamsana n'kuonetsa zoyera. N'chifukwa chake chikuto amayamba achidinda kamzere asanachipinde. Chikuto chathu chabuluu chija, chomwe tinakanganirana madzulo onse, chinang'aluka pamsana pa makope pafupifupi onse. Palinso china: mapepala ambiri akapindidwa pamodzi, a mkati amatulukira kunja pang'ono kuposa a kunja, ndipo mpeni ukadula kuti alingane, masamba a pakati amatsala opapatiza. Pa masamba 16 a pepala lopyapyala simungazione kwenikweni, koma pa 40 kapena 48 nambala ya tsamba yomwe mwaiika pafupi ndi mphepete ikhoza kumetedwa. Siyani mawu onse mamilimita osachepera asanu kuchokera pomwe mpeni udzadutse, ndipo ine ndimakonda kusiya ochulukirapo.

Ndatalikitsa. Masabata atatu ndi okwanira ngati muyambira kumapeto. Mawa lomwe, anthu awiri apite kwa yemwe adzasindikize kabukuko akafunse kukula kwa pepala lomwe makina amalandira, mtundu wa pepala lomwe lilipo, kamangidwe, mtundu wa PDF womwe amafuna, ndi tsiku lomaliza lolandira fayilo. Safunsa anadya phula. Ambiri amapempha PDF/X-1a kapena PDF/X-4, mitundu ya PDF yopangidwira kusindikiza, masamba amodziamodzi motsatana, osati awiriawiri, ndi zilembo zonse zotsekeredwa mkati mwa fayilo. Mukabwerako pindani mapepala opanda kanthu mupange kabuku koyerekeza, mulembe pa tsamba lililonse chomwe chidzakhalepo, ndipo nambala igawike ndi 4. Kenako sankhani munthu mmodzi apange fayilo imodzi mu InDesign, kapena mu Scribus yomwe ndi yaulere, yokhala ndi bleed, malire a m'mphepete, ndi mitundu iwiri yokha ya zilembo, wina wa mitu wina wa nkhani. Mawu ang'onoang'ono akhale a inki yakuda yokha. Enanu mutumize mawu osakongoletsa ndi zithunzi zoyambirira. Masamba omwe mwapanga kale musawataye, aikeni patebulo ngati maganizo, wosanjayo atengepo zomwe zikugwirizana. Ngati pali chimodzi choti muvotere, chikhale chithunzi cha pachikuto, ndipo muvote mutagwira pepala losindikizidwa m'manja, osati mukuyang'ana pa sikirini.

Siyani masiku anayi omaliza opanda ntchito ina koma proof, kope yoyesera. Musindikize kope imodzi, muipinde, muidule, muimange, ndipo iwerengedwe ndi munthu yemwe sanalembe nawo mawuwo, chifukwa diso la wolemba limawerenga zomwe ankafuna kulemba. Ayambire pa mitu ikuluikulu ndi pa mayina a anthu, poti m'menemo ndi momwe zolakwika zimabisala bwino. Ife tinawerenga nkhani zonse katatu, koma tsamba la mayina a gulu palibe analiyang'ana. Dzina la mtsikana yemwe anagwira ntchito kuposa tonse linatuluka litasowa chilembo chimodzi, pa makope onse, ndipo yemwe analitayipa ndinali ine.